Ufa m'makapisozi a apongozi

Ndinakwatiwa m'mudzi wina wa kwa Mphamba, ndipo m'chaka chachisanu cha ukwati wanga apongozi anga aakazi anapezeka ndi khansa. Mwamuna wanga ankagwira ntchito ku Chipata, choncho wodwazika ndinali ine. Kuchipatala cha paboma anatipatsa makapisozi opha ululu, obiriwira mbali ina, achikasu mbali inayo. Namwino anati ndiziwasunga ndekha, ndiziwapatsa apongozi m'mawa ndi madzulo.

Inali nyengo yothyola fodya. Ndikadzuka ndinkawasambitsa, kuwaphikira phala, kenako kumunda, masana kusoka fodya ndi kumupachika m'chigafa. Msana unkawawa ngati wathyoka. Tsiku lina ndinati ndimweko mankhwala a apongozi kamodzi kokha. Pasanathe ola thupi lonse linafunda, msana unakhala chete, ndipo ndinasoka fodya ndikuimba mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake ndinamwanso.

Patapita milungu ingapo sindinkamweranso msana. Ndikapanda kumwa, mamina ankangochucha, thukuta linkatuluka kukuzizira, ndipo ana anga ndinkawakalipira popanda chifukwa. Ndikamwa, ndinkadzikanda mpaka mikono kutuwa, n'kutha masiku anayi osapita kuchimbudzi.

Makapisozi akanatha msanga anthu akanadabwa. Ndiye ndinkawatsegulira kuseri kwa nkhokwe, mankhwalawo n'kukhuthulira palilime panga, m'malo mwake n'kuikamo ufa woyera, n'kutsekanso bwinobwino. Ndinkapita nawo kwa apongozi ndi kapu ya madzi, n'kugwada.

"Yewo, mwananga," ankathokoza motero, n'kumeza.

Masana ndili m'chigafa ndinkawamva akubuula, ataluma chitenje kuti ana asamve. Alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga, ankati matenda akula, mankhwala asiya kugwira. Ine n'kumavomereza.

Tsiku lina ndinamwa atatu pakamodzi. Ndimakumbukira ndikukweza ndodo ya fodya, basi. Ndinatsitsimuka ndili m'ngolo ya ng'ombe, lilime litatupa, chitenje chitanyowa ndi mkodzo. Alamu ndiwo ankayendetsa ngoloyo. Anati ndinagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu.

Dokotala wa pakiliniki anawatulutsa alamu panja, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mayi, mukumwa chiyani?"

Ndinakana kawiri.

"Simuli nokha," anatero. "Akabaza, aganyu, ngakhale aphunzitsi amafika pano chonchi. Mukapitiriza, tsiku lina mudzagwa osadzukanso."

Ndinamuuza kuti ndimagula kumsika. Za apongozi sindinanene.

Nditabwerera kumudzi, apongozi anandiitanitsa. Ndinalowa n'kukhala pansi, pafupi ndi mphasa yawo.

"Mwezi watha kakapisozi kamodzi kanandiphulikira m'kamwa," anatero. "Ufa ndimaudziwa, mwananga."

Ndinangoyang'ana zala zanga, zakuda ndi utomoni wa fodya.

"Bwanji simunanene, amama?"

"Ndikananena akanakubweza kwanu. Nanga adzukulu angawa akanawalera ndani?" Ululu unawagwiranso. "Koma ndavutika, mwananga. Ndavutika kwambiri."

Sanakalipe, sanalire. Anangoti nditumize uthenga kwa mwana wawo wamkazi wokwatiwa kwa Kapichila kuti abwere azidzasunga mankhwala. Anthu tinawauza kuti ine ndikudwala.

Ndinadwaladi. Sabata yathunthu ndinkasanza, kutsegula m'mimba ndi kunjenjemera, mwana wawoyo akundimwetsa phala ndi supuni, osadziwa chimene ndinawachita mayi ake. Ndinkabwerera kwa dokotala uja mpaka chibaba chinatha.

Apongozi anamwalira mvula isanagwe. Pamaliro mkulu wa mpingo anandiimiritsa pamaso pa anthu, nati atengwa onse a m'mudzimo atengere chitsanzo kwa ine. Amayi anavomera ndi mitu. Ndinaima nditazolika. Mwamuna wanga anali atakhala pakati pa madoda, akupukuta misozi, akundiyang'ana monyadira. Mpaka lero sindinamuuze.