Nsato si Mwanapiye

Amuna anga amaweta anapiye, ndipo pa nkhani ya kufunditsa chiweto safuna kuuzidwa. Anzawo amawatcha a Babu, chifukwa ngakhale m'thumba la jekete lopita nalo kuukwati simusowa babu lamagetsi. Amangoima pakhomo la khola n'kutchera khutu. Anapiye akamalira ataunjikana, ndiye kuti azizidwa. Akamalira atathawira m'makona, atenthedwa. Ana tawalera ndi khutu limeneli.

Mwana wathu wamkazi popita kumaphunziro anatisiyira nsato yake yaing'ono ya m'bokosi lagalasi. Pansi pa bokosilo, mbali imodzi yokha, anayala kamphasa kamagetsi, n'kukalumikiza ku kamakina kozimitsa moto pakafunda mokwanira.

"Mbali inayi izikhala yozizira, adadi. Njoka imasankha yokha pogona. Chonde musakhudze."

"Ndamva," anatero. Koma ine ndimawadziwa amuna anga.

Kutayamba kuzizira, anayamba kuzungulira bokosi lija ngati nkhuku yofuna poikira. Kamakina kakazima, amati kafa. Akagwira mbali yozizira ija amapukusa mutu: "Chiweto cha mwana wanga chife ndi mphepo ine ndili pompano?"

Tsiku lina m'mawa anazula kamakina, kamphasa n'kukalumikiza kukhoma kokha, m'bokosimo n'kupachikamo babu lalikulu la anapiye. Ndinawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Anandiyankha kuti nsatoyo ikatenthedwa tiimva. Sanaganize kuti njoka silira.

Masana polowa m'chipinda momwe munali bokosilo ndinamva fungo la pulasitiki wakupsa. Galasi linali lotentha mbali zonse, popanda pothawira. Nsato inali itadzipanikiza m'kambale ka madzi, kukamwa kuli yasa, pamsana pali bala lofiira pomwe inakhudza babu.

"Bambo ake! Thamangani!"

Anabwera manja ali mbuu ndi chakudya cha nkhuku. Anazula zingwe zonse, napisa manja, naitulutsa ili lende ngati lamba.

"Tiithire madzi a m'filiji?" ndinafunsa.

"Ayi. Kaya. Sindikudziwa."

Chikwatiranireni sindinawamvepo akunena mawu amenewo, ndipo anandiopsa kuposa bala lija. Anaigoneka pa thaulo lonyowa pasimenti, nagwada pambali. Mchira unagwedera pang'ono, koma lilime silinatuluke. Thukuta linali kamukamu pankhope pawo.

Ndinawamvera chisoni, si bodza. Mwana uja nsato yake amaikonda ngati yobala yekha, ndipo anasankha bambo ake chifukwa amawakhulupirira.

"Tingonena kuti magetsi anabwera amphamvu," ndinanong'ona.

Anapukuta manja pathalauza n'kuimba foni. Mwana anayankha akuseka, kufunsa ngati adadi ayamba kale kumusowa.

"Mwanangu, usaseke," anatero. "Nsato yako ndaiwotcha ndine, unandiletsa koma sindinamve. Ikupumabe. Ndiuze chochita, ndichita chomwecho."