Dzina Lolembedwa ndi Msomali

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, chaka chimene ndinakana anganga anga masana dzuwa likuswa mtengo. Matipate anali atangobwera kumene, sukulu ili yaulere, aliyense akuyankhula zakukhosi mosaopa. Koma ine ndinali ndi nkhani imodzi imene sindinkafuna kuti ituluke pakamwa pa munthu, yoti kwathu ndife Alomwe.

Tinkakhala m'mudzi wina kwa Mkhumba. Bambo anga anali Mngoni wa ku Ntcheu amene anabwera kudzagula nandolo, n'kukwatira mayi, n'kukhalako pang'ono pachikamwini, kenako n'kupita kukaona abale ulendo wosabwerera. Anatisiyira zinthu ziwiri, lamba wakutha ndi dzina. Lambayo tinamangira mbuzi, dzinalo ndinalikumbatira ine. Kusukulu kwathu kunali ana a aphunzitsi, a apolisi ndi a achipatala ochokera m'maboma ena, ana ovala nsapato, ndipo akafuna kukunyoza ankati ndiwe Mnguru wodya njoka. Chodabwitsa n'chakuti ambiri oseka nawo anali Alomwe anzanga. Ine ndinkaseka kuposa onse, n'kumauza aliyense kuti ndine Mngoni.

Wondiwonongera Ungoni wangawo anali anganga, amayi awo a mayi anga. Sanali nkhalamba yogwira ndodo ayi. Anali mayi wamphamvu, wamawu ngati a mwamuna, wogulitsa kalongonda wophikaphika pamsika. Chichewa chawo chinali chokhotakhota, chokwera pamene ena amatsika, ndipo akakwiya ankachitaya n'kulowa m'Chilomwe. Poweruka kusukulu ndinkazungulira kuseri kwa chigayo kuti asandiitane anzanga akumva.

Chaka chimenecho amalume anga a Dikisoni, amene ankayendetsa lole ku Limbe, anabwera ndi maganizo omanga chiliza pamanda a amayi awo a anganga. Paja anthu a m'tauni akapeza kangachepe amayamba kulota akufa. Mayiyo ndiye tsinde la mbumba yathu yonse. Anachokera kwa Apwitikizi ali mtsikana, anadutsa kuseri kwa phiri la Mulanje wapansi, n'kudzapatsidwa malo amene tikulimapo mpaka lero. Anamwalira chaka cha njala yaikulu ija ya 1949, anganga ali kamwana kosadziwa n'kuvala komwe. Manda ake ankadziwika, panali nkhadze ndi phale la mphika. Simenti inagulidwa, mmisiri anapezeka. Mmisiriyo anafunsa dzina loti alembe.

Panalibe wolidziwa. Kwathu kutchula dzina la munthu wamkulu n'kulaula, choncho mayiyo moyo wake wonse ankaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, amake a Joni. Nthawi imene odziwa anali moyo, kufunsa kunali chipongwe, ndipo pamene kufunsa kunafunika odziwawo anali atatsikira kulichete. Anganga anati iwo analimvapo kamodzi kokha, mlendo wina wochokera kutsidya kwa malire ataliitana panjira, koma linawathawa kalekale. Anati atalimvanso akhoza kulizindikira. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa mawu.

Amalume ndiwo anakumbukira kuti anamvapo zoti mayiyo anabatizidwa ali pamphasa, kutatsala pang'ono kuti atsirizike, ndipo ansembe salephera kulemba. Anati dzinalo liyenera kupezeka m'buku la ubatizo kumishoni. Iwo tchuthi chinali chitatha, mayi anga sankadziwa kuwerenga, choncho ntchito inagwera ine wophunzira wapabanja. Anandigulira kope latsopano ndi bolopeni, ndipo ndinadzimva kukula.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ine ndi anganga. Unali mwezi wa Okutobala, minda ili yotentha, fumbi likulowa mpaka m'mano. Anganga anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, atasenza kalichero ka mpunga koti akathokozere alembi. Njira yonse ankayankhula okha, kuyesa mayina osiyanasiyana pakamwa n'kumapukusa mutu. Titafika anakana kulowa muofesi. Anati mapazi awo ndi afumbi ndipo pansi pamenepo mpopolishidwa. Anakhala pakhonde, pansi pa windo, n'kutambalala.

Alembi a pamishoni, amenenso anali akatekisi, anali a Kamwendo, bambo wofatsa wochokera ku Dedza. Mwana wawo Khirise tinali kalasi limodzi, ndipo ndiye anali mfumukazi ya ovala nsapato aja. Tsiku limenelo anali muofesimo akusesa.

A Kamwendo anandifunsa dzina la mudzi ndi nyengo imene mayiyo anamwalira, n'kutsitsa buku lalikulu lachikuto chakuda, lonunkha nkhungu ndi mphemvu, m'mphepete mwake mutanyenyedwa ndi chiswe. Anatsegula masamba a chaka cha njala. Anali masamba ambiri, chifukwa chaka chimenecho obatizidwa ali pamphasa anachuluka. Anayendetsa chala pang'onopang'ono mpaka anaima pamzere wina pamene panalembedwa mudzi wathu ndi dzina la Joni ngati mwana wa wobatizidwayo. Anati munthu wanu ndi ameneyu, n'kundiuza kuti ndikopere bwinobwino mzere wonse. Nthawi yomweyo wina anawaitana kuti abambo mfumu akuwafuna, ndipo anatuluka kudzera khomo lakuseri.

Inki inali itafiira, koma zilembo zinkaoneka. Panali dzina laubatizo, Agnesi. Pambali pake panali dzina lake lenileni, Muhaliwa. Ndipo kumapeto, pamalo olembapo mtundu, wansembe wachizungu amene anamubatiza analemba mawu omwe aja ankandizunza kusukulu: Nguru.

Khirise anali atasuzumira kale paphewa panga. Anawerenga mokweza dzina lachiwirilo akulipotoza dala, n'kuseka mpaka kugwira tsache pamimba. Kenako anandiyang'ana.

"Kodi ameneyu ndi ndani wako?"

"Si wathu ayi," ndinatero. "Ndangoperekeza agogo ali panjawo. Ndi oyandikana nawo nyumba."

Mawuwo anatuluka mosavuta ngati ndinachita kuwakonzekera. Kuti Khirise akhulupirire kuti zilibe nane kanthu, ndinasekako nane, n'kulemba m'kope mwanga Agnesi yekha, n'kutseka buku.

Panja anganga anadzuka msangamsanga, maso ali pakope. Ndinawauza kuti dzina lapezeka, ndi Agnesi. Analibwereza, Akinesi, Akinesi, n'kundifunsa ngati panalibe lina. Ndinati panalibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasiya mpunga uja m'manja mwa Khirise, tinabwerera. Njira yonse sanayankhule, ndipo ine ndinkati ndi kutopa.

Chiliza chinamangidwa. Mmisiri analemba AGNESI simenti ili yaiwisi, zilembo zazikulu zowongoka bwino, n'kujambulira mtanda pamwamba. Ine ndinkayenda ndi dzina lina lija m'mutu. Ndikamasinja linkabwera, ndikamatunga madzi linkabwera, koma ndinkadzilimbitsa mtima kuti Agnesi ndi dzina labwino, lachikhristu, ndipo wakufa sadandaula.

Tsiku lotsegulira chiliza kunabwera abale ochokera kwa Jenala ndi ku Migowi, ena oti sindinawaonepo. Kumudzi kunali mpunga, nyama ya mbuzi ndi thobwa. Abambo mfumu anatanganidwa, ndiye anatumiza akatekisi awo kuti adzapempherere chilizacho. Nditaona a Kamwendo akutsika panjinga, ndinabisala kumbuyo kwa mayi.

Anapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa, amayi analuluta pang'ono. A Kamwendo anawerama kuti awerenge. Munthuyo analibe choipa mumtima, anangofunsa ngati mmene munthu amafunsira za mvula. Anati chiliza n'chokongola, koma bwanji banja linasankha kusiya dzina lawo lakumudzi, poti m'buku muja anali awiri?

Amalume anandicheukira. Kenako mayi. Kenako manda onse. Anganga anafunsa a Kamwendo kuti dzina linalo ndi liti, ndipo iwo anati pepani amayi, mayina amene ndimaona ndi ambiri, silinandikhalire, koma mwanayu ndiye anawerenga.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika, poti pamanda tinali kale. Anganga sanakalipe. Anangoti, "Tchula."

Ndinalitchula chapansipansi, mwa Chichewa changa chakusukulu. Anganga anatseka maso. Sakanatha kulitchula okha pagulu, linali dzina la amayi awo, koma milomo yawo inayenda ndipo ndinaona kuti akulikonza mmene liyenera kumvekera. Kenako anakhala pansi pafumbi ndi chitenje chawo chatsopanocho, n'kugwira m'mphepete mwa chiliza ndi manja awiri.

"Ndi lomwelo," anatero. "Ndi limene anaitana munthu uja panjira."

Analira ngati maliro achitika dzulo. Ine ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene nyumba yawo inagwa ndi mvula.

Amalume anathyola kamtengo, nkhope ili gwaa. Ankanena zoti ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo, zoti simenti yauma ndipo madzi akatayika saoleka, zoti sukulu imene ndikuphunzirayo ndi yachabechabe. Anganga anawaletsa ndi dzanja limodzi. Anapempha mmisiri msomali umene analembera, anauza anthu onse kuti atsogole akadye, ife tiwapeza. Anthu anapita akucheukacheuka, pamanda tinatsala awiri.

Anandipatsa msomaliwo n'kuloza pansi pa Agnesi.

Amene sanayesepo kulemba pasimenti youma sangadziwe. Msomali unkaterereka, unkangosiya kamzere koyera kamene ukapukuta ndi chala kankafufutika. Ndinkabwereza pamodzimodzi mpaka pakumbike. Dzuwa linandiwotcha pakhosi, zala zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Kumudzi kunkamveka phokoso la mbale ndi kuseka kwa anthu okhuta. Anganga anakhala pamthunzi wa nkhadze, ndipo ine ndinkalira mwakachetechete, mamina ndi thukuta zikugwera pachiliza.

Nditafika pakati pa dzinalo ndi pamene anayankhula. Anayankhula Chichewa chawo chokhotakhota chija, pang'onopang'ono kuti ndisaphonye kanthu.

"Zija unanena muofesi zija ndinazimva. Windo linali lotsegula. Unati ndine woyandikana nanu nyumba."

Msomali unandigwa m'manja.

"Zimenezo sindinadandaule nazo kwambiri. Ine ndili moyo, pakamwa ndili napo, ndikhoza kudziyankhira. Koma uyu wagona apayu angadziyankhire bwanji? Mzungu uja anali mlendo, chiyankhulo chathu sankachimva, koma anafunsa n'kulemba onse awiri. Iwe wa magazi ake ndiye unamusiya panjira. Tola msomaliwo, mwanaka, umalize."

Chikwapu cha amalume chikanandichitira chifundo. Masabata onse aja anganga ankandipakulira chakudya, kundiluka tsitsi, kundidzutsa kuti ndisachedwe kusukulu, akudziwa zimene ndinanena. Ndinamaliza kulemba dzuwa litapendeka. Zilembo zake zinali zazing'ono, zopendama, china chokwera china chotsika. Anganga anazisisita ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngakhale sankadziwa kuwerenga, kenako anati tiye tikadye zotsala.

Lolemba lake nkhani inali itafika kale kusukulu. Ndinakhala Mnguru wodya njoka mpaka kutseka teremu, ndipo sindinafe nazo. Sindinganame kuti ndinasintha tsiku limodzi. Njira yakuseri kwa chigayo ndinaidutsabe kangapo, kenako ndinayamba kuchita nayo manyazi kuposa mmene ndinkachitira ndi msika, mpaka ndinaisiya.

Masiku ano Chilomwe chili pamwamba. Anthu amavala nsalu zake, amavina tchopa pamaso pa makamera, ndipo ena mwa ovina kutsogolo ndi omwe aja tinkaseka limodzi. Sindiwaweruza, ndinali mmodzi wa iwo. Buku lakumishoni lija ndinakalifunsanso nditakula, ndikufuna kuona ngati munali dzina la mudzi wa kutsidya kumene mayiyo anachokera. Anandiuza kuti masamba ambiri a zaka zimenezo chiswe chinamaliza. Akanapanda kufunsa a Kamwendo tsiku lija, dzinalo likanatsala mwa ine ndekha, mwana amene ankalibisa.

Kale ndinkaganiza kuti mbiri ya banja imasowa chifukwa cha moto, chiswe kapena kusadziwa kulemba. Tsopano ndikudziwa kuti imasoweranso m'manja mwa mwana wodziwa kulemba, amene akuopa kusekedwa. Akuluakulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine mwambi umenewu ndinkaudziwa bwino, ndinaukhozanso pamayeso a Chichewa chaka chomwecho.

Anganga anagona pafupi ndi amayi awo. Zilembo za mmisiri zija zidakali zakuya, zikuoneka patali. Zanga sizinalowe kwenikweni, ndipo mvula ya chaka chilichonse imazidya pang'ono. Ndiye tikamapita kukalambula kumanda, anzanga amanyamula makasu ndi matsache. Ine ndimaikanso msomali m'thumba.