Tsiku limene ndinati iwe kwa apongozi

Kayaki yanga ndi ya anthu awiri, ngakhale nthawi zambiri ndimakweramo ndekha. Ndinaigula kwa mzungu wina wa ku Midland amene mkazi wake anatopa nayo m'galaja, ndipo wanganso sanachedwe kutopa nayo. Ndi kabwato kapulasitiki kachikasu, kotalika koma kopapatiza, koti ukayetsemula mosasamala umapezeka uli m'madzi. Ine ndimagwira ntchito ya zamagetsi kumigodi ya kumpoto, kumene timapita pandege n'kukakhala masabata angapo m'fumbi lofiira. Ndikabwerera ku Perth, mzinda wa kunja kuno umene timakhala, thupi limangofuna madzi. Ndiye ndimamangirira kayakiyo pamwamba pa galimoto n'kutsetserekera ku Cockburn Sound, kumene nyanja inalowa kumtunda ndipo chilumba chimatchinga mafunde akuluakulu.

Musandiyese mwana wa msodzi. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo kusambira ndaphunzira konkuno, m'dziwe la ana, ndili ndi ndevu kale, mwana wanga wamkazi akundiseka m'Chingerezi.

Chaka china apongozi anga aamuna anabwera kudzationa. Anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Ntcheu, munthu wofatsa, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ine ndi iwo tinkapatsana ulemu wa chipongozi weniweni, uja wotopetsa. Akalowa pabalaza, ine ndinkadzuka pasofa n'kukadziunjika pakampando ka mwana. Iwo ankanditcha apongozi, ine ndinkati bambo, ndipo nkhani zathu zinkayambira pa nyengo n'kutheranso pomwepo. Kumudzi kupewana n'kosavuta, wina akadzera uku iwe umadzera uko. Koma m'nyumba yathu ya ku Morley tinkakumana pakhomo la bafa aliyense ndi thaulo lake, n'kuyamba kupatsana mpata mpaka mkazi wanga kufuula ali kukhitchini kuti wina alowe basi.

Masana mkuluyo ankatsala yekha. Mkazi wanga ali kuntchito kuchipatala ku Murdoch, ana kusukulu, iwo n'kumangothirira kapinga wothirira kale.

"Atengeni kunyanja kwanuko," mkazi wanga anandiuza tsiku lina. "Akakhala chonchi adwala."

"M'kayaki? Mwaiona bwino kukula kwake?"

"Ndiye bwino. Mulibe kothawirana."

Ndinavomera. Kunena zoona, ndinkafunitsitsa kuti mkulu ameneyu abwerere kwawo akudziwa kuti mwana wake sanakwatiwe ndi chitsiru. Chikwatirireni sindinadziwe chimene amaganiza za ine, ndipo zinkandidya mumtima. Ndinati mwina akaona kuti nane ndili ndi kanthu kamene ndimakadziwa, andiwerengera.

Tinafika kugombe m'mawa, madzi ali bata, mphepo ya masana isanadzuke. Apongozi anazungulira bwatolo, manja kumbuyo ngati akuyendera kalasi.

"Kayaki kanu ndi kameneka?" anafunsa.

Sindinawakonze. Mpaka lero amati kayaki kanga, ngati kuti kwinakwake kuli chiyaki chachikulu chimene ndinalephera kugula. Ndinawaveka jekete yoyandamitsa pamwamba pa malaya awo a kolala, ndikuyang'ana kumbali pomanga malamba. Kenaka vuto loyamba: m'kayaki ya awiri, wodziwa amakhala kumbuyo chifukwa ndiye amawongolera. Ndiye apongozi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwawo, mapazi anga ali m'mbali mwa chiuno chawo. Ndinapempha Mulungu kuti pasadutse Mmalawi aliyense wokhala ndi foni.

Vuto lachiwiri linali pakamwa. Wakumbuyo ntchito yake n'kulamula. Ndikakhala ndi anzanga a kumgodi ndimangoti kumanzere, siya, palasa, basi bwato likuyenda. Koma apongozi ungawalamule bwanji?

"Bambo, pepani," ndinayamba, "ngati sikukuvutani, mwina mukanapalasako pang'ono mbali ya kumanzereyo."

Iwo anasiya kupalasa, n'kuika nkhafi pamiyendo, n'kucheuka kuti andiyankhe bwino. "Zikomo apongozi. Mwati mbali iti?"

Pamene ndinkamaliza kubwereza, kayaki inali itatembenuka kale, tikuyang'ananso galimoto yathu. Tinazungulira choncho mwaulemu wonse mpaka mzungu wina wodutsa ndi kayaki yake anatifunsa ngati tataya kanthu m'madzi.

Komabe tinafika pamalo anga, pamene pansi pali miyala. Nsomba imene ndimaisaka pamenepo ndi sinapa, yofiirira, ya timadontho tabuluu, ndipo ikakula imamera linunda pachipumi. Pali miyezi imene saloleza kuigwira chifukwa ikuswana, koma nthawi imeneyo kunali kotsegula. Ndinakoleka nyambo, tinsomba tonga usipa waukulu, n'kuwapatsa ndodo. Ndinawasonyeza kawilo kokulungira chingwe ndi chogwirira chake chopukusa.

Sipanatenge nthawi, anakola kasinapa kakang'ono. Ndinakayeza pa chizindikiro cha m'mbali mwa bwato, n'kukabwezera m'madzi. Apongozi anakayang'ana kakumira mpaka kusowa.

"Ndiwo imeneyo mwaibweza?"

"Lamulo, bambo. Sinafike pa msinkhu."

"Dziko lokhuta ili," anatero, n'kuponyanso mbedza.

Dzuwa linakwera. Tinamwa tiyi wa m'fulasiki, ine ndikuwapatsira kapu ndi manja awiri modutsitsa paphewa pawo. Ndinali nditayamba kuganiza zobwerera pamene ndodo yawo inapindika mpaka nsonga kulowa m'madzi. Kawilo kanalira mokweza, chingwe chikuthawa. Mphuno ya kayaki inatembenuka yokha ndipo tinayamba kuyenda popanda wopalasa. Ndinadziwa kuti imeneyi ndi nkhalamba ya linunda, nsomba imene ine mwini ndinali ndisanaigwirepo.

Tsono apongozi anawedzapo ali mnyamata, koma kumtsinje. Kumtsinje chikakoka umaimirira, n'kuponda mwamphamvu, n'kubwerera chambuyo. Ndinangoona msana wawo ukukwera. Bondo limodzi linali litadzuka kale, dzanja likukoka chingwe, kayaki n'kupendekera kumanja.

"Bambo, pepani, ngati n'kotheka mwina..."

Madzi ozizira anakhuthukira pamiyendo panga. Fulasiki inagubuduka n'kupita. Ndinaona m'maganizo mwanga mkulu wa mpingo, bambo wa mkazi wanga, akuphiriphitha m'nyanja ya eni, ine ndikumaliza chiganizo.

"Khala pansi iwe!" ndinakuwa. "Khala pansi! Siya chingwecho, isiye ithamange!"

Anakhala pansi kuti khu. Kayaki inagwedezeka uku ndi uku n'kukhazikika. Ndipo pakamwa pangapa, patatseguka, sipanatsekekenso.

"Kweza ndodo! Osati choncho, pang'onopang'ono! Tsopano tsitsa, pukusa! Pukusa! Siya, ikuthawanso, siya!"

Mphunzitsi uja ankangomvera ngati mwana wa sitandade wani. Ndikati pukusa, akupukusa. Ndikati siya, akusiya. Nsombayo inatikoka kulowera kuchilumba, kenaka inabwerera n'kudutsa pansi pa bwato, ine ndikupalasa chambuyo kuti chingwe chisakhule. Thukuta linali litanyowetsa kolala yawo. Ndinawamva akulankhula ndi nsombayo chapansipansi, akuinyengerera kuti ibwere, kuti palibe amene aichite choipa, bodza la mkulu wa mpingo limene sindidzaliiwala.

Itatopa inayandama cham'mbali, yofiira, yonyezimira, chipumi chili tu. Ndinailowetsa mu kaukonde kotungira n'kuikokera pakati pa miyendo yanga, mchira ukundimenya pachifuwa. Apongozi anaseka. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo kwenikweni, kuja kotulutsa misozi, ndipo nane ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa.

Kuseka kutatha m'pamene mawu anga aja anabwerera m'makutu mwanga, limodzilimodzi. Iwe. Ndinati iwe kwa apongozi. Ngakhale mkazi wanga, mwana wawo, sindimamutero pamaso pawo.

Mphepo inali itayamba ndipo tinapalasa kubwerera.  Ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wawo wa imvi, kuyesa kuwerenga ngati akwiya. Manyazi anandigwira kuposa mantha a madzi aja. Ndinkaona nkhaniyi ikufika ku Ntcheu, ankhoswe akuitanizana, alamu anga akuiseka pa maliro aliwonse ndi ukwati uliwonse. Ndinabwera nawo kuti aone kuti ndine munthu, ndipo anaona mkamwini wokalipira apongozi ake ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda.

Titakokera kayaki pamchenga, sindinadikire. Ndinanjuta pambali pawo, madzi akuchucha m'kabudula, n'kuomba m'manja pang'ono.

"Bambo, pakamwa panga panathamanga kunyanja kuja. Ndalankhula zosayenera. Mundikhululukire."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anali atawerama, akuyesa kunyamula nsomba ija ndi manja awiri, jekete yoyandamitsa itakwera mpaka m'makutu.

"Tenga foni undijambule," anatero. "Ujambule bwino, mutu wonse uoneke. Kumudzi akakana."

Ndinadzuka n'kupukuta manja. Ndinajambula kangapo, iwo atatupa ngati agwira ng'ona.

"Ndipo tamvera," anapitiriza akuibweza mu kaukonde. "Tikabweranso, uzindiuza msanga. Zija za pepani pepani zikanatimiza. Ukuti mawa mphepo ikhala bwanji?"

Apa m'pamene ndinawamvetsa bwino mawu awowo. Tenga. Undijambule. Uzindiuza. Chimwalirireni bambo anga ondibereka, panalibe mwamuna wamkulu amene anandilankhulapo choncho, ngati mwana wa m'nyumba. Ndinakondwa mpaka maso kulengeza misozi, ndipo ndinawerama msanga n'kuyamba kumasula zingwe zimene zinali zomasula kale.

"Wamva kodi?" anafunsanso.

"Ndamva, bambo. Mawa kukhala bata."

"Chabwino. Gwira kutsogoloko, ine ndigwire kuno. Kayaki kako n'kolemera."