Timagalasi ta pa Khoma la a Nangondo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chimbudzi. Nditalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, ndinakhala zaka zitatu kwa amalume ku Chisepo ndikuponda dothi, kuumba njerwa, mpaka anayamba kundilola kugwira mpeni womangira. Mpingo wa kwathu utafuna chimbudzi cha njerwa, amalume anati ntchito yotereyi ndi yanga. Ndinaimanga ndi mtima wonse ngati ndikumanga nyumba ya bwanamkubwa. Tsiku lina kunabwera a Chimkono, kapitawo wa zomanga pa mishoni ina ya m'mapiri a ku Dowa, kudzaona denga la sukulu. Atatuluka m'chimbudzimo anatenga levulo, choyezera kuwongoka kwa khoma, m'chikwama, n'kuigunditsa pa khoma, n'kufunsa amene anamanga.

"Ubwere Lolemba," anatero anthu atandiloza. "Utenge kalata ya kumpingo ndi khadi la chipani. Ukaiwala chimodzi usavutike n'kubwera."

Zinali zaka zija tinali titangosiya mapaundi n'kuyamba makwacha. Ofesi yathu inali kachipinda kuseri kwa shedi ya akalipentala, ndipo anthu a mu ofesiyo tinali awiri, a Chimkono ndi ine. Anandipatsa tepi, levulo, hamala, tchizulo, sikuludiraiva yaitali, ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kumapeto choonera ngati khoma laima chilili. Ntchito yathu inali kuyendera nyumba za mishoni n'kunena zofunika kukonza. Ndinkavala ovolosi yatsopano ndi pensulo kukhutu, ndipo kunena zoona, ndinkadzimva kwambiri.

Kumtunda kwa tchalitchi kunali malo amene tinkati ku Laini. Zinali nyumba zisanu ndi ziwiri za aphunzitsi oyamba, za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, makoma ake okhuthala moti mwana amatha kugona pa windo. Anthu ambiri a m'dera lathu anaphunzira kuwerenga pa makonde amenewo. N'chifukwa chake panali lamulo loti nyumba ya ku Laini singagwetsedwe komiti ya malo isanapite kukaiona ndi maso n'kugwirizana. M'komitimo munali abusa, akulu a mpingo awiri, mphunzitsi wamkulu, ndi tcheyamani wa chipani wa nthambi yathu. A Chimkono ankaitanidwa kukapereka nzeru za umisiri, koma pokweza manja iwo sankawerengedwa.

M'nyumba yomaliza, yoyang'ana kumsewu, munkakhala a Nangondo. Amuna awo anali mphunzitsi, ndipo atamwalira mpingo unawalola kukhalabe momwemo malinga nyumbayo ili chiimire. Ana awo awiri anamwalira, wachitatu anapita ku Joni osabwerako. Nyumbayo ikanagwa, panalibe ina yowapatsa. Akanayenera kubwerera kwawo cha ku Kasakula, kumene anachokako ali mtsikana ndipo owadziwa ambiri anali atatha.

Khoma la kumsewulo linali ndi mng'alu woyambira pansi pa windo mpaka kudenga, wolowa chala. A tcheyamani anadandaula ku komiti kuti nyumbayo idzapha munthu, komanso ikuchititsa manyazi, poti chaka chimenecho kunkayembekezeka alendo akuluakulu a boma odzadutsa msewu womwewo. Komiti inatituma kukaona.

Tinatha tsiku lathunthu. Ndinakwera kudenga n'kumabaya mitengo ndi sikuludiraiva kufuna chiswe, koma inali mibawa youma gwa, chitsulo chinkangoterereka. Tinakumba m'mbali mwa maziko mpaka m'mawondo n'kupeza miyala yoyalidwa bwino. Chingwe chinaonetsa kuti khoma lapendekeka pang'ono kwambiri. Ine ndinali nditagamula kale mumtima kuti nyumba yopanda simenti ndi yogwetsa basi, ndipo ndinanena.

"Mng'alu ulipo wamoyo, ulipo wakufa," anatero a Chimkono. "Wamoyo ukuyendabe. Wakufa unayenda kale iwe usanabadwe, n'kuima. Wakufa timangotseka. Sungaudziwe poupenya, umafunika kuufunsa."

Kafunsidwe kake ndi aka. Umadula timagalasi topyapyala, kutalika ngati chala chapakati. Umapala khoma mpaka njerwa ioneke mbali zonse ziwiri za mng'alu, n'kuika kagalasi mopingasa, n'kukamata ndi simenti kunsonga zonse ziwiri, pakati n'kusiya poyera. Kenako umadikira dzinja lonse, nthaka inyowe, ifufume, iumenso. Khoma likasuntha ngakhale pang'ono, galasi limathetheka. Likapezeka lathunthu, nsonga zonse zili zogwira, ndiye kuti mng'aluwo ndi wakufa. A Chimkono anapempha komiti kuti idikire mpaka mvula itatha. A tcheyamani anang'ung'udza, koma abusa anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anagwirizana kuti adzabwera okha kudzaona magalasiwo ali pakhoma.

Womata ndinali ine. Ndinadula timagalasi tisanu kuchokera ku windo losweka la kusukulu, n'kupita ku Laini m'mawa wina mu Novembala. A Chimkono ponditumiza anati, "Ukawafotokozere mayiwo zimene ukuchita." Ndinavomera, koma mutu wanga unali pa simenti kuti isandiumire m'beseni.

A Nangondo anali mayi wamfupi, waukhondo wodabwitsa. Pabwalo pawo sunkapeza tsamba. Anandiyalira mphasa, ine osakhalapo. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yonse akuonerera, manja ali kumsana. Nditamata kachitatu anafunsa.

"Kodi a Mbewe, timagalasi timeneti n'tachiyani?"

"N'za ntchito izi, amayi," ndinayankha osatembenuka.

"Oho," anatero, n'kulowa m'nyumba kukanditengera madzi osamba m'manja.

Yankho limenelo ndimalikumbuka mawu ake onse, ndipo mpaka lero limandichititsa manyazi. Sikuti ndinkawada ayi. Ndinkangoona kuti za ming'alu yamoyo ndi yakufa n'za ife amisiri, mayi wachikulire sangazimve. Chonsecho ineyo ndinali nditazimva dzana lakelo.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Loweruka lililonse ndinkadutsa ku Laini, n'kukhudza kagalasi kalikonse ndi chala, n'kulemba m'kabuku. Disembala yense, Januwale, Febuluwale, tonse tisanu tinali tathunthu. Ndinayamba kuikonda nyumbayo, ndipo ndinkanyadira ngati ndinaimanga ndine. A Nangondo ankandipatsa moni ali pakhonde, nthawi zina n'kundininkha chimanga chootcha, koma sanafunsenso, ndipo ine sindinaganizeko zowauza. Kumayambiriro kwa Malichi mphepo inasasula denga la sukulu ina kumapiri a ku Ntchisi, ndipo a Chimkono ndi ine tinakakhala kumeneko milungu itatu. Mvula yomaliza, yamphamvu kuposa yonse, inagwa ife tili komweko. Tinabwerako Lachinayi madzulo titatopa, komiti n'kukhala Lachisanu m'mawa. Ndinaganiza zothamangira ku Laini, koma ndinati magalasi sathawa.

M'mawa mwake tinakumana pa tchalitchi n'kuyamba kukwera, abusa patsogolo, ine kumbuyo ndi kabuku kanga. Tisanafike n'komwe ndinaona kuti china chake chasintha. Khonde linali lozira mwatsopano ndi mtsiro wakuda, lokulungizidwa bwino. Khoma la kumsewu linali lomatidwa dothi lofiira kuyambira pansi mpaka pamwamba, losalala ngati mphika. Mng'alu sunkaoneka. Magalasi panalibe ngakhale limodzi.

Aliyense wa ife anakulira kumudzi, ndipo tonse timadziwa kuti mayi akamva kuti kukubwera alendo olemekezeka amazira nyumba. A Nangondo anauzidwa Lamulungu kuti abusa ndi komiti adzafika pakhomo pawo kudzaona nyumba. Anatha masiku atatu akututa dothi kudambo okha, munthu wa zaka zimenezo, kukwera pa mtondo kuti afike pamwamba, kuti alendo adzaipeze yooneka bwino n'kuileka.

Anatilandira atavala chilundu chatsopano, n'kugwada kupereka moni kwa mmodzimmodzi. A tcheyamani anayang'ana khoma, n'kuyang'ana a Chimkono.

"Nanga umboni wanu uja uli kuti, a kapitawo?"

A Chimkono anatembenukira kwa ine. A Nangondo ndi amene anayankha, nkhope ili yowala.

"Ngati mukunena timagalasi ta a Mbewe, ndawasungira. Ndinatichotsa bwinobwino ndi mpeni kuti ndimate. Palibe kamene kasweka."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya enamulo. M'menemo munali timagalasi tisanu, totsukidwa, simenti yonse atapala, togonekedwa pa kansalu koyera. Anandipatsira ndi manja awiri. Mkulu wa mpingo mmodzi anaseka, kenako anazindikira kuti akuseka yekha, n'kutsokomola.

Abusa anali munthu wofuna chilungamo. Anafunsa a Chimkono ngati magalasi athunthuwo sakukwanira kukhala umboni, popeza sanasweke. Ndinapemphera mumtima kuti angoti inde. Koma a Chimkono sankanama pa za khoma, ngakhale kunamako kukanathandiza.

"Abusa, galasi likhoza kukhala lathunthu chifukwa khoma silinasunthe. Likhozanso kukhala lathunthu chifukwa simenti inamasuka mbali imodzi, khoma n'kumayenda lokha. Tinkafunika kuona nsonga zake zili zogwira. M'mbalemu sindingadziwe."

Ndinatsegula kabuku kanga n'kuwerenga kuti mpaka kumapeto kwa Febuluwale zonse zinali bwino. A tcheyamani anafunsa ngati ndinawaona magalasiwo mvula ya Malichi itagwa. Ndinati ayi. Abusa anafunsa a Nangondo ngati magalasiwo anali ogwira pochotsa. Iwo anati ena anavuta, ena sanavute, sanaikeko mtima poti sankadziwa kuti n'zofunika. Apa m'pamene nkhope yawo inayamba kusintha. Anayang'ana mbale ija, n'kuyang'ana ine.

A Chimkono anapempha dzinja lina limodzi. Anati mtima wawo ukuwauza kuti khomalo ndi labwino, ndipo timatenso magalasi ena. A tcheyamani anati komiti inadikira kale miyezi isanu, alendo a boma sadikira dzinja, ndipo khomalo likadzagwera munthu adzafunsidwa ndi amene akukana lero. Kenako anafunsa mofatsa ngati alipo pano amene sakufuna chitukuko. Masiku amenewo funso limenelo silinkayankhidwa. Anakweza manja pomwepo pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, mwini nyumba ali chogwada pambali. Manja anayi anakwera. Abusa okha ndiwo sanakweze, koma anali mmodzi.

Potsika, a Chimkono sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Anangondifunsa kamodzi, "Unawafotokozera?" Ndinati ayi. Titafika ku ofesi anangoti, "Ugwetsa ndiwe."

Kugwetsa nyumba kumayambira kumwamba. Umachotsa malata, kenako mitengo, mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndipo khoma umaliphwasula mzere ndi mzere kuti njerwa zigwirenso ntchito. Anandipatsa anthu anayi, ndipo tinkaganiza kuti ndi ntchito ya masiku atatu. Inatitengera masiku asanu ndi anayi. Dothi la pakati pa njerwa linali litauma ngati mwala, mapiki ankalira n'kumadumpha. Titafika pa mng'alu paja ndinaimitsa anthu n'kuyang'ana mkati. Munali mwaye wakalekale ndi zisa za mavu zouma, m'mphepete mwake mosalala. Pansi pake tinapeza chitsa chowola cha mtengo umene unadulidwa kalekale. Khoma linatitimira pamenepo kamodzi, n'kukhazikika. Unali mng'alu wakufa. Matumba awiri a simenti akanatha nkhani yonse.

A Nangondo anasungidwa masiku amenewo kwa mayi wina wa mumpingo, kudikira ngolo ya mdzukulu wa achemwali awo yochokera ku Kasakula. Tsiku lonyamuka ngoloyo inadzera ku Laini kudzatenga mtondo ndi miphika imene inatsalira m'khitchini. Ine ndinali pamwamba pa mulu wa njerwa, fumbi thupi lonse. Ndinatsika, n'kuvula chipewa, n'kuwauza zonse: za mng'alu wamoyo ndi wakufa, za ntchito ya magalasi, za chitsa chimene tinapeza. Kufotokoza konseko sikunathe ndi mphindi zitatu zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anamva chilichonse bwinobwino, moti anafunsanso ngati simenti ya kunsonga inkafunika kuthiridwa madzi.

"Zosavuta chonchi?" anatero. "Ndinakufunsanitu, a Mbewe."

Sanakweze mawu, ndipo sanalire pamaso panga. Anakwera ngolo n'kukhala pa mtolo wa zofunda, chofulatira ku Laini. Sindinawaonenso. Ndinamva patapita zaka ziwiri kuti anamwalira konko.

Ndagwira ntchito ya zomanga zaka zoposa makumi atatu, ndipo nanenso ndinadzakhala kapitawo. Ndaphunzitsa anthu ambiri kumata galasi pa mng'alu, ndipo kumatako amakudziwa tsiku limodzi. Chimene ndinkalimbana nawo n'china. Munthu wanga sankaloledwa kusakaniza simenti pakhomo pa munthu asanakhale pansi ndi mwini nyumba n'kumuuza chimene akufuna kuchita, chifukwa chake, ndi chimene chidzachitike zikalakwika. Akabwerako sindinkamufunsa ngati wafotokoza, poti aliyense amati inde. Ndinkapita ndekha kwa mwini nyumbayo, kaya ndi nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lake, n'kuloza pakhoma, n'kufunsa kuti timagalasi timeneti n'tachiyani. Akalephera kundiyankha, mmisiri wangayo ankabwerera kukayambiranso.