Mwala wa mu Mpunga

Linali Lamlungu lina mu 2013, titangobwera ku Misa, pamene ndinaluma chinthu cholimba mu mpunga. Ndinalavulira m'dzanja kanthu kotuwa, n'kuyamba kukalipira mkazi wanga, mayi a Lonjezo, kuti sadziwa kusankha miyala. Nyumba zathu za lendi ku Bangwe n'zogundana, choncho mzere wonse unamva. Iwo anakayang'anitsitsa kanthuko n'kufunsa kuti, "Bambo, mwala wanji wonyezimira?" Lilime litafika pa dzino la kumapeto, ndinapeza dzenje. Chinali chomata dzino chimene adokotala anandiika mu 2005.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. M'buku lina lakutha la m'mbali mwa msewu ku Limbe ndinawerengamo kuti chomata cha siliva chimakhalitsa. Mutu wangawu unamva kuti n'chamuyaya. Miyezi ingapo m'mbuyomo dzinolo linkanyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira, chakudya n'kumatsalira m'mbali mwake, koma ndinkati buku silinama.

Poti dzenjelo silinkapweteka kwenikweni, ndinalimata ndekha ndi phula la kandulo, n'kumadziona ngati katswiri. Pofika nyengo yozizira dzino linayamba kugunda ngati mtima. Mapiritsi a m'golosale anasiya kugwira. Tsaya linatupa, kutupako kunatsikira kukhosi, thupi linatentha, ndipo pakamwa panakana kutseguka. Nditayamba kulephera kumeza malovu, mayi a Lonjezo sanandifunsenso maganizo. Anandikweza minibasi.

Kuchipatala chachikulu tinakhala pa benchi m'mawa wonse, mpaka namwino wina wodutsa ataona khosi langa anandilowetsa msangamsanga. Anandigoneka, anandiika diripi, ndipo mawa lake anang'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke. Fungo lake sindidzaliiwala. Mkazi wanga ankagona pa simenti pamodzi ndi anzake odikirira odwala, n'kumandimwetsa phala ndi kasupuni ka tiyi. Ine ndinkangoganiza za ana athu awiri, kuti adzauzidwa bwanji kuti bambo wawo anafa ndi dzino.

Dokotala wa mano anati, "Chomata chimakalamba ngati mwini wake. Chimalekana ndi dzino m'mbali, tizilombo n'kulowa pansi pake. Mukanabwera likungoyamba kunyerenyetsa, tikanachotsa chakale n'kumata china. Phula lanu linangotsekera matenda mkati. Kutupa uku kukanatseka njira ya mpweya." Dzinolo analizula.

Lero ndili bwino. Ndatsala ndi chipsera pakhosi ndipo ndimatafunira mbali imodzi. Ndili ndi dzino lina lomata, chomata chake choyera ulendo uno, ndipo chaka chilichonse ndimakalionetsa ngakhale lisakupweteka. Inu amene munamatitsa dzino, musaganize kuti nkhani inathera pompo. Likayamba kunyerenyetsa, kapena chomata chikagwedera, pitani msanga. Kandulo musiyireni ntchito yake younikira magetsi akathima.

Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala, mayi Jofilisi a ku Nsanje, ogundana nafe khoma, anabwera kudzandizonda. Anayang'ana bandeji, anayang'ana mkazi wanga yemwe anali ataonda kuposa wodwala, kenako anati, "Bambo a Lonjezo, tathokoza Mulungu mwabwerako. Koma pokalipa za mwala uja tonse tinamva. Popepesa musanong'one ayi, nafenso timve."