Ndinalankhula mbiri ya malemu, mwiniwake akundiyang'ana

Lamlungu lapitali ndinachita manyazi amene sindikudziwa kuti adzandichoka liti. Ndinaimirira pa phwando la munthu wamoyo n'kuyamba kulankhula ngati ndili pa maliro ake.

Ndiyambe ndi munthuyo. Amene munafika ku Indiana kuno kalekale mukuwadziwa Bambo Kachingwe. Ndi aja ankachingamira anthu pa eyapoti. Ukangotsika ndege ndi kajekete kako ka pa kaunjika, mano akuwombana, unkawapeza ataima ndi jasi lina m'manja. Chipinda chawo chapansi ku Lawrence chinagonamo anamwino, ana asukulu, ngakhale abusa. Inenso ndinagonamo kufikira nditapeza ntchito ku South Bend. Ndi iwo anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto pa chipale, n'kundilangiza kuti mzungu akati "tidzadyere limodzi tsiku lina" ndisamafulumire kusamba m'manja.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linaleka kugwira, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi. Mayi a kunyumba kwawo anatisiya kale. Pano akukhala ndi mwana wawo Tadala, wobadwira konkuno, amene Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi.

Tadalayo ndiye anaganiza zoti bambo ake, pokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, adye pamodzi ndi anthu amene bambowo anawalandira kuno. Anasankha kalesitilanti kena ka pa Lafayette Road, pakati pa sitolo ya matayala ndi ya tsitsi loikirira. N'ka anthu a ku Georgia. Sindikunena Georgia wa ku Atlanta uyu ayi, koma dziko lina lamapiri loyandikana ndi Russia. Mwiniwake ndi Levani, mkulu wadazi, wamapewa ngati chitseko. Iye ndi Bambo Kachingwe ankanyamula makatoni pa kampani imodzi onse ali achilendo, ndipo a Kachingwe ankamutenga pa galimoto yawo nyengo yonse yozizira.

Uthenga utaikidwa pa gulu lathu la pa foni, zala zoloza m'mwamba zinagwa ngati matalala. "Tilipo." "Madala amenewo sitingawakane." Wina mpaka analonjeza kubwera ndi gitala.

Ndinanyamuka ku South Bend m'mamawa, n'kutsika ndi msewu wa 31 pakati pa minda yopanda kanthu. Nditalowa, ndinapeza Levani atalumikiza matebulo kuchokera pakhomo mpaka kukhitchini. Chakudya chinali chitayalidwa kale, chifukwa kwawo amati mlendo asapeze tebulo lopanda kanthu. Panali mabiringano okulungidwa ndi mtedza wosinja, nyemba za mu timiphika tadothi, ndi chakumwa china chobiriwira chonunkhira ngati mankhwala a chifuwa. Kumutu kwa tebulo kunali Bambo Kachingwe, atavala suti ndi tayi, Tadala ali pambali pawo.

Mipando ina yonse inali yopanda anthu.

Tinadikira. Foni ya Tadala inayamba kulira. "Ankolo, pepani, ndili pa dabulo shifiti." "Mwana watentha thupi." "Galimoto yakana kusitata." Wa gitala uja sanalembe n'komwe. Chitseko chikatseguka, Bambo Kachingwe ankakweza mutu n'kukonza tayi ndi dzanja lamanzere, koma olowawo anali anthu ena ongodzagula zonyamula.

Amene anabwera ndi Mayi Gondwe okha, namwino wa pa nyumba ina yosamalira okalamba. Analowa ali mu yunifolomu, anagwada pambali pa mpando n'kupereka moni, kenako anati ali pa buleki, sakhalitsa.

Mkazi wa Levani anabweretsa buledi wooneka ngati bwato, m'kati mwake muli tchizi wosungunuka ndi dzira pakati. Amamutcha khachapuri. Anatiuza kuti tisakanize msanga asanazizire, n'kumanyema m'mphepete n'kusunsa. Anabweretsanso khinkali, timatumba ta ufa wa tirigu muli nyama ndi msuzi, timene umagwira kumutu, kuluma pang'ono n'kuyamwa msuziwo. Zonsezi zinaphikidwira khamu. Ife tinali anayi.

Kenako Levani anavula epuloni n'kuima ndi tambula m'manja. Anati kwawo phwando limakhala ndi wotsogolera mawu, ndipo lero ndi iyeyo. Anayang'ana mnzakeyo m'maso n'kulankhula m'Chingerezi chake chothyokathyoka.

"Kachingwe, iwe ndiwe munthu wouma mutu. Adokotala anakuletsa mchere, koma Lachinayi lililonse ukabwera kuno umabisa mchere m'thumba, ndimakuona. Umandigonjetsa pa bawo lako lija ndi dzanja limodzi, ndipo ndikukayikira kuti umaba. Ndimakukonda. Ukhale ndi moyo."

Bambo Kachingwe anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinadabwa. Lachinayi lililonse? Bawo? Sindinkadziwa.

"Tsopano inu," anatero Levani akundiloza. "Aliyense amuuze mwiniwake pamaso pake."

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, n'kutsitsa mawu monga timachitira. "Abale ndi alongo, tasonkhana pano chifukwa cha bambo athu. Bambo Kachingwe anali munthu wokonda anthu. Anali wopatsa. Khomo lawo silinkatsekedwa. Ambiri a ife sitidzaiwala zimene anatichitira, ndipo tidzawakumbukira..."

Ndinamva foloko ikugogoda mbale.

"A Phiri," anatero Bambo Kachingwe, pang'onopang'ono. "Ndikadalipo."

Mayi Gondwe anagwira pakamwa. Tadala anaseka kamodzi, kenako nkhope inasintha, n'kudzuka kupita panja. Levani Chichewa samva, koma anaona kuti china chalakwika, ndipo anangondikodola kuti ndipitirize.

Ndinayesa kuyambiranso, ndinene za munthu amene anali patsogolo panga. Ndinapeza kuti ndilibe choti ndinene. Amadzuka nthawi yanji? Amacheza ndi ndani Tadala akapita kuntchito? Chimawaseketsa n'chiyani masiku ano? Ulendo womaliza kuwaona anali m'chipatala, ndipo tsiku limenelo tinadzaza khonde lonse chifukwa tinamva kuti mwina sadzuka. Atadzuka, tinabalalika.

Ndinangoti, "Pepani bambo," n'kukhala pansi.

Tsono tiuzane zoona, a Malawi anzanga a kuno. Mawu amenewa sindinawapeke ine. Ndi okhawo amene ndinaphunzira. Ndi liti munamvapo m'modzi wa ife akuimirira pagulu kuyamikira mnzake wamoyo, osati pa ukwati, osati potsanzikana naye? Luso lathu lonse lolankhula tinalisungira pambali pa bokosi.

Ndipo taonani mmene timachitira munthu akamwalira. Mashifiti amasinthidwa tsiku lomwelo. Galimoto zokana kusitata zija zimalira bwinobwino, zina kuchokera ku Michigan, zina ku Ohio. Amayi amaphika, makwaya amaimba, komiti imasankhidwa yotumiza thupi kumudzi. Pamenepo palibe angatipose, ndipo sindikunyoza, maliro n'kulirana. Koma bwanji mabwana athu amamva za maliro okha? Kapena ndife amene sitiwapempha tsiku pa china chilichonse?

Ndikudziwa, mashifiti si nthabwala. Ambiri mwa amene sanabwere sananame. Kuno ukaphonya ntchito palibe msuweni wokakugwirira. Koma Mayi Gondwe asanathamangire kuntchito anandinong'oneza mawu amene akundisowetsa tulo. Anati, "Achimwene, kumene ndikupitaku kuli agogo ena achizungu akwanitsa zaka lero. Ana awo sabwera. Ndikawaveka chipewa cha pepala, ndikawaimbira ndine. Tinkawaseka azunguwa kuti amataya makolo awo. Lero taonani tebuloli."

Tinkawasekadi. Tinkati ife ndife a umunthu, kwathu nkhalamba sidya yokha. Pano timasambitsa makolo a eni mwaulemu wonse, pamene amene anatipatsa jasi loyamba akukhala ndi tayi kuyang'ana chitseko. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Bambo Kachingwe anaika kwa theka la Indiana. Pa tsiku lokatenga, anapeza munthu wa ku Georgia, namwino wa pa buleki, ndi ine wowalira ali maso.

Chimene chikundifooketsa n'chakuti sindikuona kuti tisintha. Nkhaniyi muiwerenga, ena muitumiza pa gulu lija, zala zigwanso. Kenako aliyense abwerera ku shifiti yake.

Tikunyamuka, Levani ndi mkazi wake analongedza zotsala m'mabokosi. Anali ambiri. Bambo Kachingwe anandiitana ndi dzanja lamanzere lija.

"Tengani awa mupite nawo ku South Bend. Mukawapatse anyamata aja. Akaweruka amakhala ndi njala."

"Bambo, anthu amenewa sanabwere," ndinatero.

"Adzabwera," anayankha. "Musakawakalipire m'nkhani zanuzo. Tsiku lake adzabwera onse."

Sindinafunse kuti tsiku liti.

Lolemba ndinapita ndi bokosi limodzi kwa mnyamata wina amene anagona chaka chathunthu m'chipinda chapansi chija. Dzina sinditchula. Anatsegula bokosilo ali chiimire pakhomo, analuma khinkali wozizira, n'kunena kuti n'zokoma ndithu. Kenako anapukuta m'manja n'kuti, "Madala aja ali bwanji? Kukachitika kanthu mutiuze msanga, ankolo, tikonze zopita."

Kanthu kanji, abale anga? Munthu kukhala moyo mpaka zaka makumi asanu ndi awiri, kudziko la eni, n'kuvala tayi ndi dzanja limodzi kuti atilandire, chimenecho si kanthu?