Nsapato za Chigamba Chofiira

Dzulo mwana wanga anadula gambuti lakale n'kudzalamo maluwa, akuti ndi ntchito ya kusukulu. Fungo la labala litangondipeza, manyazi anandigwira ngati ndabwerera mu sitandade 3.

Tsiku lina chaka chimenecho, bambo anga anapita ku Songani kukagulitsa mpunga, ndipo kutacha ndinapeza nsapato zakuda pamphasa panga. Ine ndinangoti agula kumeneko. Zinali zolemera, zosokedwa ndi ulusi wa ukonde, koma mwana woti sanavalepo nsapato akanadziwa bwanji? Kusukulu ndinayenda monyang'wa, aliyense ndikumuuza kuti, "Za m'sitolo izi, osaponda!"

Pa buleki Esinati, mwana wa aneba athu, anawerama n'kuloza chigamba chofiira cha kuchidendene.

"Iii, si magambuti a bambo ako awa? Chigambachi anamata ndi bambo anga!"

Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinakhala pansi n'kufunditsa mapazi ndi diresi mpaka belu lowerukira.

Pobwerera ndinadzera kudimba, misozi ili mbwembwembwe. Bambo anatuluka m'matope a mpunga akuzula misundu m'miyendo, magazi akuyenderera.

"Ababa, bwanji simunandiuze kuti ndi magambuti? Andiseka!"

Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

"Zikukuthina, mama?"

"Ayi."

"Basitu, zivala."

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo asiya magambuti chifukwa cha kutentha. Ndinadzazindikira nditakula kuti analibe ena, ndipo misundu ija inkamwa magazi awo kuti ine ndikanyade kusukulu.